Masewera a madzi ndi ayisi pakhonde pathu ku Liwonde

Lachitatu, 2 Okutobala

Sabata yatha ndinapeza mwana wanga Tadala ataviika mikono yonse iwiri m'ndowa ya madzi akumwa, malaya atanyoweratu, iye akuseka yekha. Ndinamukalipira, analira, ndipo madziwo, malita 20 athunthu, ndinangochapira zovala. Usiku mtima wanga sunakhale m'malo. Kuno ku Liwonde Okutobala akafika, ikamati 10 koloko malata amayamba kuthetheka ndi dzuwa, ngakhale akuluakulufe timasowa pokhala. Nanga mwana wa zaka 2 ndi miyezi 3 ataona madzi ozizira bwino akanatani?

Ndaganiza zomukonzera malo ake oseweretsa madzi, pa nthawi yake, ine ndili pomwepo. Azikhala awiri ndi Yankho, mwana wa anzanga a nyumba yoyandikana nafe, wa chaka chimodzi ndi miyezi 7, amene amandisiyira m'mawa akamapita kukagulitsa tomato kumsika. Chidole sindigula chilichonse, zonse zichokera kukhitchini kwanga komweku. Ndizilemba m'kope muno zimene zayenda ndi zimene zakanika, chifukwa mng'ono wanga amene amathandiza pa sukulu ya mkombaphala ku Ntaja wati ndizimuuza, mwina zina akayesa ndi ana a kumeneko.

Loweruka, 5 Okutobala

Tayamba lero. Ndinayala mphasa yakale pakhonde popeza simenti ikanyowa imaterera, ndi kuikapo beseni lochapira. Madzi ndinathira ochepa, ofika pa mfundo yachiwiri ya chala changa. Munalowa makapu awiri apulasitiki, chipande, sefa ya tiyi, kansalu, ndi botolo la Sobo limene ndinaliboola timabowo kunsi ndi msomali wotentha.

Ana awiriwa amasewera mosiyana kwambiri. Yankho zipangizo zonse sanazilabadire. Iye ndi zikhatho basi, phava phava, madzi akamuthovukira kumaso amatsinzina, n'kuyambiranso. Tadala anatenga sefa n'kumatunga kuti adzaze kapu. Akatunga, pofika pakapu madzi athera m'njira. Anabwereza mwina kakhumi, kenako anaitembenuza sefayo n'kuisuzumira kunsi. Pakamwa panga panali patayabwa kale kuti ndimuuze kuti atenge chipande, koma ndinadzigwira. Patapita kanthawi anaiponya yekha n'kutenga chipandecho. Kapu itadzaza anandiyang'ana n'kunena kuti, "Amama, ona!"

Anasewera pafupifupi mphindi 40, nthawi imene sanakhalepo malo amodzi chibadwire. Madzi otsala ndinathirira mtengo wa papaya.

Lachiwiri, 8 Okutobala

Nkhani ya ayisi yayamba movuta. Furiji ya pano ndi ya alamu anga, ndipo ndi ya bizinesi: mumadzaza mafirizesi a malambe amene amagulitsa kwa ana asukulu. Ndinawapempha kangodya kamodzi, anavomera, bola ndisamatsekuletsekule chitseko. Usiku woyamba magetsi anazima, m'mawa ndinapeza madzi ali madzi. Usiku wachiwiri ndinaika botolo lagalasi lodzaza mpaka kukamwa, lotseka, ndipo linasweka. Ndinali nditaiwala kuti madzi akamaundana amafufuma, amafuna malo oposa amene anali nawo ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10. Ndinatola magalasi kamodzikamodzi, ndi kupukuta furiji yonse alamu asanadzuke, kenako ndinawauza. Galasi sililowanso m'menemo.

Cholakwa chachikulu chachitika lero. Ndinaumitsa madzi mu kathireyi kaja ka timabokosi ting'onoting'ono n'kukhuthulira m'beseni. Sindinaphethire n'komwe, Yankho anali ataponya kale kamodzi m'kamwa. Kanali koterera, kokula ngati chala chachikulu, kokwanira bwino kutseka kukhosi kwa mwana. Analavula yekha chifukwa cha kuzizira, ndipo ndinachotsa tonse nthawi yomweyo. Anthu ena amati ayisi akatsamwitsa amasungunuka yekha, koma mwana sangadikire mphindi zimenezo asakupuma. Kuyambira lero ayisi wosewera naye azikhala wamkulu kuposa nkhonya yanga, ndipo akamachepa ndizimuchotsa.

Loweruka, 12 Okutobala

Lero ndiye zayenda. Ndinatenga kontena ya majarini ya magalamu 500, ndinaikamo zidutswa zikuluzikulu za mandimu zochotsa nthanga, ziluwe ziwiri za maungu zimene amake Yankho anabwera nazo kuchokera kumsika, ndi supuni yapulasitiki. Ndinasankha zinthu zoti ngakhale zilowe m'kamwa zisavute. Maluwa a m'mipanda ya anthu ndawapewa, ena mwa iwo ali ndi poizoni. Zinagona mufuriji usiku umodzi ndi tsiku lathunthu. Potulutsa ndinangothira madzi kunsi kwa kontena, chibuma chonse chinatsika chokha.

Ndisanawapatse ndinachitsuka kaye ndi madzi apampopi, chifukwa ayisi wongotuluka kumene amamatirira pakhungu lonyowa ndi palilime. Tadala anachikhudza ndi chala chimodzi, n'kuchibweza msanga, akuti, "Moto!" Ndinadabwa, koma nditaganiza ndinaona kuti alibe mawu ena. Chinthu chokhacho chimene chinamubwezetsapo dzanja chotere ndi mbaula. Ndinatenga dzanja lake n'kuligunditsa pakhoma limene linali padzuwa, ndikuti, "Kutentha." Kenako pa ayisi, "Kuzizira." Tinapita uku ndi uku kangapo. Pomaliza iye amene ankanditsogolera, akuti "tentha", "zizila". Yankho ankangotsatira pambuyo akuti "zii, zii".

Chinawagwira mtima kwambiri ndi supuni ija. Ankaiona m'kati koma osaitha kuitenga. Tadala anayesa kukanda, anayesa kumenya ndi chipande, kenako anayamba kuthirapo madzi ndi kapu, mwina pongosewera. Mchira wa supuni utatulukira anaukoka, unakana, anathiranso. Zinatenga nthawi yoposa theka la ola. Supuni itatuluka anayenda nayo tsiku lonse, anadyera phala lamadzulo.

Chibumacho ndikachiika m'madzi ambiri chimayandama, kamutu kokha kali pamwamba, thupi lonse lili pansi. Tadala amachikankhira pansi, icho n'kubwerera. Zimenezi zokha anaseka nazo mpaka kutsokomola.

Lachiwiri, 15 Okutobala

Tsiku la anakubala, ndipo apongozi anga anabwera kuchokera ku Balaka. Anafika ana ali pakati pa masewera, Yankho atakhala m'madzi otayikira pamphasa, Tadala atakumbatira chibuma cha ayisi pamimba. Asanalandire ndi moni yemwe anati, "Amake Tadala, kodi mwanayu mukumufunira chibayo? Madzi oundana pachifuwa pa mwana?"

Ndinawapatsa mpando, ndinagwada, tinalonjerana, ana ndinawapukuta n'kuwaveka zouma. Sindinafune kutsutsana nawo pamaso pa mwana wawo. Amayiwa analera ana asanu ndi awiri, ndipo mmodzi anamutaya ali wakhanda ndi matenda a m'chifuwa, nthawi ya chisanu. Mantha awo ali ndi pochokera. Titadya ndinawafotokozera za ndowa ya madzi akumwa ija, ndi kuti mwana ndikamuletsa madzi amakawafuna mobisa. Ndinati, "Amayi, ndaona kuti kuli bwino azisewera ine ndikuona."

Anakhala chete kanthawi, kenako anayamba kukamba za ubwana wawo, mmene ankakhalira tsiku lonse kudambo akuumba ng'ombe zadothi ndi timiphika, n'kubwerako thupi lonse lili mbuu. Anati kusiyana kwake n'kwakuti madzi a kudambo ankakhala ofunda ndi dzuwa. Anandiikira malamulo atatu: ayisi asamakhale pachifuwa, masewera azitha dzuwa lisanapendeke, ndipo mwana akayamba kunjenjemera kapena milomo ikasintha mtundu ndizimuchotsa pomwepo. Onse ndavomera, ndipo sindinavomere mwaulemu chabe. Thupi la mwana wamng'ono limataya kutentha msanga kuposa la munthu wamkulu, makamaka zovala zikanyowa ndipo kukuwomba kamphepo.

Ponyamuka anatulutsa m'chikwama chikho chaching'ono chimene amamwera thobwa paulendo, n'kumupatsa Tadala kuti azitungira.

Loweruka, 19 Okutobala

Mitundu. Ndinawiritsa chidede chouma chodzaza dzanja, madzi anafiira psuu, ndinasefa, ndinaumitsa m'makapu awiri akuluakulu. Akamasungunuka m'beseni amatulutsa timizere tofiira toyenda pang'onopang'ono m'madzi oyera, ndipo Yankho, amene nthawi zonse amangomenya madzi, lero anakhala phee akuyang'ana.

Ndinayesanso china pambali, m'mbale yanga, iwo akuonerera. Madzi a chidede ukafinyiramo ndimu amawala kufiira kwake, koma ukathiramo kasoda kaja tophikira therere amada n'kupita kobiriwira. Tadala anafuna kuti ndibwereze katatu. Mbale ya soda sindinawapatse. Chidede chimathimbiriritsa zovala, malaya oyera a Yankho ndawaviika kawiri sanayerebe, choncho pa masewera amenewa azivala zakale kapena kabudula yekha.

Lachitatu, 23 Okutobala

Ndalemba mochedwa chifukwa manja anali akunjenjemerabe.

Ana anali pakhonde ndi beseni lawo monga mwa masiku onse. Kuseri kwa nyumba ndinali nditatereka nyemba pambaula, ndipo ndinamva fungo lakuti zikupserera. Mumtima ndinati madzi a m'beseni ndi ochepa, ndingothira madzi mumphika n'kubwerako. Ndinaiwala kuti pambali pa khonde ndinasiya ndowa ya madzi owonjezera, yodzaza kupitirira theka. Sindikhulupirira kuti ndinatha mphindi imodzi. Pobwerako ndinapeza Yankho ali pandowa ija, mimba itatsamira pamlomo wa ndowa, mutu uli m'kati akufuna kutola kapu imene inagweramo, phazi limodzi litanyamuka kale pansi. Ndinamugwira kumsana kwa diresi n'kumukoka. Tsitsi la patsogolo linali litanyowa, nkhope inali isanalowe. Analira chifukwa cha kumukoka kwanga, za ngoziyo sanadziwe kanthu.

Chimene chikundizunguza mutu mpaka pano ndi chakuti panalibe phokoso lililonse. Tadala anali pomwepo, akutunga ndi chikho chake, osadziwa kuti pali vuto. Ine ndinkaganiza kuti mwana akamagwera m'madzi amakuwa, kapena mnzake amaitana. Mwana wa msinkhu uwu mutu wake ndi wolemera poyerekeza ndi thupi, akaweramira m'ndowa umamukokera pansi, ndipo mikono yake ilibe mphamvu zodzikankhira kuti atuluke. Nkhope ikalowa m'madzi sangathe kulira. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limanena kuti ana osakwana zaka 5 ali m'gulu la anthu amene amamira kwambiri, ndipo ife a m'mbali mwa Shire tikamva zimenezi timaganiza za mtsinje ndi ngalande. Ndowa ya pakhomo sitiiwerengera, chikhalirecho madzi ochepa ophimba mphuno ndi pakamwa ndi okwanira kupha mwana.

Amake Yankho atabwera kumsika ndinawauza zonse, osachotsapo kanthu. Ndinali wokonzeka kuti anena kuti mwana wawo asamabwerenso. Anamunyamula, anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Mwachita bwino kundiuza, amake Tadala. Kwanganso ndowa zimakhala pansi zosavundikira." Madzulo omwewo tonse awiri tinazungulira nyumba zathu. Tinapeza ndowa zitatu, beseni la matewera oviika, ndi mgolo wopanda chivundikiro.

Lachinayi, 24 Okutobala

Lero sitinasewere. Ndakhazikitsa ndondomeko yatsopano. Masewera aziyamba mbaula itazima kapena ndiwo zitaphulidwa. Madzi owonjezera azikhala m'chigubu chotseka. Foni izikhala m'nyumba. Ndikhale pafupi poti nditatambasula dzanja ndimugwire mwana aliyense, ndipo chikandiitana china, ana onse awiri ndinyamuke nawo, kapena ndikhuthule beseni kaye. Mwana wamkulu wa alamu, wa zaka 8, anadzipereka kuti aziwayang'anira, ndinamuthokoza koma ndinakana. Nayenso ndi mwana, gulugufe akadutsa maso ake apita komweko.

Lachiwiri, 29 Okutobala

Tinapita kusikelo. Tadala ali ndi kachimfine kuyambira Lamlungu, ndipo mawu a apongozi anali akundibwerera. Nditamuyezetsa ndinafunsa alangizi a zaumoyo ngati ayisi ndi amene wachititsa. Anandifotokozera kuti chimfine chimabwera ndi tizilombo topatsirana kuchokera kwa munthu wina, ndipo chimene ndiyenera kusamala ndi chakuti mwana wa mamina asagawane beseni ndi makapu ndi mnzake. Choncho mpaka achire, aliyense azikhala ndi mbale yake, ndipo ayisi tamuimika kaye.

Anandifunsa funso limene sindinaliganizepo: madzi amene ndimaumitsawo ndi otetezedwa? Ine ndinkaganiza kuti kuundana kumapha tizilombo monga mmene kuwiritsa kumachitira. Sizili choncho, tizilombo tambiri timangogona mu ayisi n'kudzuka akasungunuka. Ndipo mwana aliyense wosewera ndi madzi amamwako ndithu, ngakhale umuletse bwanji. Ife a boma la Machinga sitifunika kukumbutsidwa zambiri. Mliri wa kolera umene unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno unayambira kuno mu Malichi 2022. Kuyambira lero madzi osewera nawo ndi omwewo akumwa, othira WaterGuard kapena owiritsa, ndipo ana azisamba m'manja ndi sopo asanayambe. Yankho akadzionongera, madzi onse atayidwe kuchimbudzi, beseni litsukidwe ndi sopo.

Pobwera ndinapeza chitini chimene ana anachiponya kuseri kwa papaya masiku apitawo, muli timadzi, timphutsi ta udzudzu tikuvinavina. Nyengo yotentha ino dzira la udzudzu limasanduka udzudzu wouluka pa masiku ongopitirira pang'ono sabata imodzi. Tsopano tikamaliza ndimawerenga zipangizo, n'kuzivundikira pathandala kuti ziume.

Loweruka, 2 Novembala

Chimfine chatha, ayisi wabwerera. Lero abambo ake a Tadala anali pakhomo, ndipo ndi iwo anabweretsa nzeru ya mchere. Anati madzi abwinobwino amaundana pa madigiri 0, koma madzi amchere amafuna kuzizira koposa pamenepo, n'chifukwa chake mchere ukagwera pa ayisi umamudya. Tinaika chibuma m'mbale yaikulu, Tadala anawaza mchere wamiyala ndi supuni, ndipo tinamva kulira, the the the, ming'alu ikuyenda. Pamene pagwera mchere pamakumbika timaenje. Titadonthezera madzi a chidede, anatsikira m'timaenjemo n'kuoneka ngati mizu yofiira m'kati mwa ayisi.

Awa ndi masewera a Tadala yekha, Yankho ali kwawo, chifukwa iye akanadya mcherewo. Ngakhale Tadalayo ndinamuuza kuti agwiritse supuni. Ayisi wosakanizika ndi mchere amazizira kupitirira ayisi wamba, ndipo akakhalitsa pakhungu amasiya bala ngati la moto. Madzi ake sitinathirire papaya.

Abambo ake anayamba kumufotokozera zambiri, mwana osamva, maso ali pa ming'alu. Ndinawakodola kuti, "Bambo, musiyeni aone kaye." Anaseka n'kukhala pansi pamphasa. Kunena zoona, chimene ndachiphunzira movutikira mwezi uno ndi chomwechi, kukhala pafupi kwambiri koma osalankhulalankhula. Mawu amene Tadala wawagwira ndi aja ndinawanena kamodzi pa nthawi imene chinthucho chinali m'manja mwake: kudzaza, kutayika, kuterera, kumira, kuyandama. Lero wawonjezera "sungunuka", ngakhale amati "sununuka".

Lachitatu, 6 Novembala

Mpopi wauma tsiku lachiwiri. Madzi amene tili nawo ndi ogula, sindingathire m'beseni. Ana anafika pakhonde pa nthawi yawo, Tadala atanyamula chikho. Ndinawapatsa kapu imodzi yokha ya madzi ndi zitsononkho ziwiri za chimanga, ndi kuwaonetsa kuviika n'kulemba pakhoma la simenti. Khomalo linali lotentha moti mzere umauma iwo akuona. Tadala ankafunsa kuti, "Apita kuti?" n'kulembanso. Kapu imodzi inatha mphindi 20. Masewera amenewa ndawakonda kuposa ena onse, ndipo ndi oyamba amene ndamutumizira mng'ono wanga, popeza safuna furiji ngakhale beseni.

Lachiwiri, 12 Novembala

Mvula yoyamba yagwa usiku, yamphamvu. M'mawa ana anathamangira pa chithaphwi cha pakhomo, beseni osaliyang'ana n'komwe. Ndinawalola kuponda ndi mapazi ine nditawagwira manja, kenako ndinawasambitsa ndi sopo. Kuseri kwa mpanda kuli dzenje limene anakumbamo dothi la njerwa, ndipo ladzaza kufika m'chiuno mwa munthu wamkulu. Abambo ake a Tadala ndi abambo ake a Yankho agwirizana zolikwirira Loweruka. Mpaka tsikulo chitseko cha mpanda ndachimanga ndi waya pamwamba pomwe ana safikira.

Alamu andiuza kuti kangodya kanga ka mufuriji akafuna mwezi wamawa, mango achuluka ndipo ayamba mafirizesi a mango. Ndatsala ndi masabata ngati atatu a ayisi. Mng'ono wanga wayankha kuti ku sukulu kwawo kuli ana oposa 30 ndi alezi awiri, magetsi kulibe, ndiye wafunsa ngati pali njira yophunzitsira kutentha ndi kuzizira popanda ayisi. Ndamuuza kuti za beseni asayese ndi gulu lonselo, atenge ana anayi okha pa nthawi imodzi, ena ali ndi mlezi winayo. Za kuzizirazo ndikuganiza mbale ziwiri, ina ya madzi ogona mumtsuko, ina ya madzi okhala padzuwa kuyambira m'mawa. Mtsuko ndabwereka kale kwa amake Yankho, ndaudzaza madzulo ano n'kuuika pamthunzi kuchipinda. Mawa kukacha bwino ndiyesa ndi awiriwa ndione ngati kusiyanako kukumveka m'manja mwawo.